Chilindo cha pa Green Mountain, kanyumba kamene kanafika mpaka ku khoti

Pansonga pa phiri la Green Mountain, m'chigawo cha Washington kumpoto chakumadzulo kwa America, pali kanyumba kamatabwa ka chipinda chimodzi, mamita anayi ndi pang'ono mbali iliyonse, mawindo kuzungulira konse. Mulibe mpopi, mulibe magetsi. Koma kanyumba kameneka kanaimiritsa maloya pamaso pa woweruza ku Seattle, aphungu anakakambirana m'nyumba zonse ziwiri za malamulo, mpaka pulezidenti Barack Obama anachita kusainira lamulo loti kasachotsedwe. Eni ake amati fire lookout. Ife tingoti chilindo, pakuti ntchito yake ndi yomwe ija ya chilindo cha kumunda, kungoti wolindidwa kuno sanali nyani kapena nguluwe koma moto wa m'nkhalango.

Nkhani ya zilindozi imayambira pa moto wa mu 1910. Pa 20 ndi 21 Ogasiti chaka chimenecho, chimphepo chinakolezera moto umene unali utabuka malo ambirimbiri m'mapiri a Idaho ndi Montana, wonsewo n'kukhala chimoto chimodzi. M'masiku awiri okha munapsa nkhalango ya mahekitala pafupifupi 1.2 miliyoni, ndipo anthu oposa 80 anafa, ambiri mwa iwo ozimitsa moto. Nthambi ya boma yosamala nkhalango, US Forest Service, inali ndi zaka zisanu zokha chikhazikitsireni. Akuluakulu ake anatuluka m'phulusa limenelo ndi maganizo amodzi: moto uliwonse uzioneka ukadali utsi, ndipo uzizimitsidwa usanakule. Pofika 1935 anachita kuika lamulo loti moto ukaoneka lero, ukhale utagonjetsedwa isanakwane 10 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira. Kuti zimenezi zitheke pankafunika maso pansonga iliyonse.

Manja omangira anapezeka chifukwa cha umphawi. Chuma cha America chitagwa, pulezidenti Franklin Roosevelt anakhazikitsa Civilian Conservation Corps mu 1933 kuti anyamata osowa ntchito azikalambula misewu, kubzala mitengo ndi kumanga m'nkhalango za boma. Chilindo cha pa Green Mountain ndi chimodzi mwa zimene anyamatawa anamanga chaka chomwecho. Pulani yake inali yofanana ndi ya zilindo zina mazanamazana, yotchedwa L-4: matabwa ankadulidwiratu kumunsi m'miyeso yoti nyulu isenze, n'kukalumikizidwa pamwamba. Kumene nyulu sikanatha kufika, anthu ankasenza okha. Pa Three Fingers, phiri lina la kufupi ndi tauni ya Darrington, nsonga inali yosongoka moti panalibe poika nyumba, ndiye anaiphulitsa ndi dainamaiti kuti papezeke pafulati. Mpaka lero wofuna kulowa m'chilindo chimenecho amamaliza ulendo wake pa makwerero amatabwa omangiriridwa kuthanthwe.

Mlonda ankakhala yekha m'kanyumbako chilimwe chonse. Pakati pa chipinda pankaima chida chotchedwa Osborne Fire Finder, mapu ozungulira okhala ndi mkombero wachitsulo wolozera. Akaona utsi, ankazungulitsa mkomberowo mpaka utsi ulowe m'kampata koyang'anira, n'kuwerenga madigiri, n'kuimba foni ya waya kumunsi. Mlonda wa phiri lina akaperekanso madigiri ake, pamene mizere iwiriyo yadutsana pa mapu ndi pamene pali moto. Kukachita ziphaliwali, ankakwera pa kampando kamene miyendo yake inavekedwa magalasi a pa mapolo a foni, n'kumawerenga pamene mphezi yagwa kuti mawa akayang'anitsitse. Madzi ankasungunula ku sinowo yotsalira m'zigwembe. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zilindo zina, kuphatikizapo cha pa Green Mountain, zinapatsidwanso ntchito yoyang'anira ndege za adani.

Kenaka ndege ndi mawailesi zinabwera, ndipo kulipira munthu wokhala paphiri miyezi itatu kunayamba kuoneka ngati kutaya ndalama. Kuyambira m'ma 1960 zilindo zinayamba kusiyidwa. Zambiri sizinagwe zokha. A Forest Service ankaopa kuti wina akavulala m'nyumba yowola boma lidzalipira, ndiye ankatuma ogwira ntchito awo kukazitentha. Nyumba yomangidwira kulinda moto n'kuthera pa machesi a mwini wake! Chigawo cha Washington chinali ndi zilindo zoposa 600. Zimene zidakalipo sizikwana 100.

Zotsalazo, zambiri zinapulumuka chifukwa cha anthu okwera mapiri mongosangalala, amene anapita ku boma n'kunena kuti tipatseni ifeyo tizisamala. Chilindo cha pa Hidden Lake chinatengedwa ndi gulu la Skagit Alpine Club kumayambiriro kwa m'ma 1960, ndipo dokotala wina, Fred Darvill, anachisamala zaka zambiri. Gulu lomwelo limasamalanso cha pa Park Butte, moyang'anizana ndi Mount Baker. Cha pa Winchester Mountain, chomangidwa mu 1935, chinali pa mndandanda wogwetsedwa pamene a Mount Baker Club anapempha chilolezo chochikonza mu 1982. Cha pa Mount Pilchuck anachikonza ndi a Mountaineers a nthambi ya Everett chakumapeto kwa m'ma 1980. Malipiro palibe. Nyumba imakhalabe ya boma. Utoto, misomali ndi msana n'za odzipereka.

Mdani wamkulu wa nyumbazi ndi sinowo, ndipo apa ndi pamene anthu a ski, aja otsetsereka pa sinowo atamangirira timatabwa titalititali kumapazi, amalowera m'nkhaniyi. Mapiri a North Cascades amalandira chinyezi chochokera ku nyanja ya Pacific, moti sinowo yake ndi yambiri komanso yolemera. M'nyengo yozizira ya 1998 mpaka 1999, pamalo osewerera ski a pa Mount Baker anayeza sinowo yokwana pafupifupi mamita 29 yonse pamodzi. Imeneyi ikatsamira khoma mbali imodzi, nyumba imapendekeka. Mphepo imamata madzi oundana pa zingwe zachitsulo zimene zimakoka denga kuthanthwe. Njira za oyenda pansi zimakwiririka kuyambira cha mu Novembala, ndipo zambiri zimaonekanso mu Julayi. Miyezi yonseyo amene amafika kumeneko ndi oyenda pa sinowo.

Awa si a ski ya pamalo olipira aja, kumene makina amakukweza uli khale pampando. Awa amakwera okha. Kunsi kwa ski amamatako nsalu yaubweya imene imaterera kutsogolo koma n'kugwira ukafuna kubwerera m'mbuyo. Kale inali chikopa cha nyama ya m'nyanja, lero ndi ubweya wa mbuzi kapena nayiloni. Chidendene chimakhala chomasuka pokwera, amachimanga potsika. M'chikwama mumakhala fosholo ndi ndodo yopindika yofufuzira munthu wokwiririka, ndipo pachifuwa amavala kachida kotumiza chizindikiro, chifukwa sinowo ya m'mapiriwa imagumuka n'kukwirira anthu. Ulendo wokwera maola asanu kapena asanu ndi limodzi amautsika m'kanthawi kochepa.

Wofika pachilindo mu Epulo kapena Meyi amayamba ndi kukumba kuti apeze chitseko. Akalowa, m'kati muli mdima, chifukwa matabwa otsekera mawindo amatsitsidwa chilimwe chikatha. Amayatsa tochi n'kuyamba kuona: apa galasi lasweka ndipo sinowo yalowa n'kuunjikana pabedi, apo thabwa lotsekera windo lazuka ndi mphepo, pakona mbewa zadya bulangete. Ngati ndi mmodzi wa osamala nyumbayo, wabwera ndi hamala ndi timisomali, amakhomerera kaye kuti nyengo isapitirize kulowa, amafosholera kunja sinowo isanasungunukire pamatabwa apansi, n'kuyeza windo losweka kuti galasi lidzasenzedwe pamsana mu Ogasiti. Ntchito yaikulu, ya denga ndi utoto, imadikira dzuwa. Koma tisawayamikire mopitirira: ndi anthu omwewa a m'nyengo yozizira amene nthawi zina amachoka osakhoma bwino chitseko, ndipo chitseko chosiyidwa pang'ono mu Januwale chimatanthauza chipinda chodzaza sinowo mpaka kudenga.

Tibwerere ku Green Mountain. Phirili ndi lalitali pafupifupi mamita 2,000, lili pamwamba pa mtsinje wa Suiattle, m'dziko la makolo a mtundu wa Sauk-Suiattle. Njira yake ndi ya makilomita asanu ndi limodzi ndi theka, kukwera mamita pafupifupi 1,000, ndipo chakumtunda imadutsa m'madambo otsetsereka opanda mitengo, obiriwira m'chilimwe, oyera m'nyengo yozizira, a mtundu umene a ski amaulota. Chilindo chake chinalembedwa m'kaundula wa boma wa malo a mbiri yakale chakumapeto kwa m'ma 1980, koma pofika pakati pa m'ma 1990 chinali chitaola moti anachitseka. Ntchito yokonza inayamba, ya Forest Service ndi odzipereka pamodzi. Sinowo inawatsutsa: maziko amene anakonza sanapirire kulemera kwake. Mu 2002 anaphwasula nyumba yonse, thabwa lililonse n'kulilemba nambala, n'kuzitsitsira ku Darrington pa helikopita. Kumeneko anthu a m'tauni ndi ena ochokera kutali anathera zaka akupala, kusinthitsa zowola ndi kupenta. Mu 2009 zonse zinakwezedwanso pa helikopita n'kulumikizidwa pa maziko atsopano.

Vuto linali malo. Nsonga ya Green Mountain ili m'kati mwa malo otetezedwa otchedwa Glacier Peak Wilderness, ndipo lamulo la Wilderness Act la 1964 limaletsa m'malo oterewa nyumba, makina a injini ndi kutera kwa ndege, pokhapokha ngati n'zofunikiradi posamala malowo. Cholinga cha lamuloli n'choti pakhale malo ena amene munthu amangodutsamo ngati mlendo, osasiyamo chake. Bungwe la Wilderness Watch la ku Missoula, Montana, linasumira Forest Service mu 2010. Mfundo yawo inali yakuti uku sikunali kukonza nyumba yakale koma kumanga yatsopano, pa maziko atsopano, ndi maulendo a helikopita oposa 60, popanda kufufuza mokwanira za chilengedwe kapena kufunsa anthu monga malamulo amanenera. Mu Malichi 2012 woweruza John Coughenour anagwirizana nawo, nalamula kuti chilindo chichotsedwe.

Ine ndikaiona nkhaniyi, a Wilderness Watch sanali onama. A Forest Service anadumphadi ndondomeko, mwina poganiza kuti palibe angadandaule ndi ntchito yabwino chotere. Ndipo mantha a osumawo ndi omveka: ukalola helikopita lero chifukwa cha kanyumba kokondedwa, mawa wina adzabwera ndi chifukwa chake chokondedwanso. Chimene chimandivuta ndi mankhwala ake. Kuchotsa nyumbayo kukanafunanso helikopita yomweyo. A Forest Service anafika poganiza zoisamutsira pa Circle Peak, kunja kwa malire a malo otetezedwawo, ngati kuti mbiri ya chilindo ili m'matabwa osati pansonga imene mlonda ankaimapo. Ndiponso kanyumbako kanalipo zaka makumi atatu lamulo la 1964 lisanalembedwe. Oteteza chilengedwe nawonso anagawanika. Mabungwe ena odziwika bwino a m'chigawocho anaima kumbali yoti chikhale.

Aphungu a Washington, Patty Murray ndi Maria Cantwell ku Senate, Suzan DelBene ndi Rick Larsen ku nyumba inayo, anapereka bilu yoteteza chilindocho, koma inangokhala m'mizere ngati mabilu ena onse. Chimene chinaikankha ndi maliro. Pa 22 Malichi 2014 phiri linagumuka ku Oso, zimene kwathu tingati napolo, n'kukwirira mudzi, kupha anthu 43 ndi kutseka msewu wa 530 umene umalumikiza Darrington ndi matauni a kumunsi. Darrington ndi tauni yaing'ono ya odula mitengo imene inali kale m'mavuto a zachuma, ndipo atsogoleri ake anauza aphungu kuti anthu akufuna nkhani imodzi yabwino, komanso chinthu chokopa alendo. Pasanathe mwezi bilu inadutsa nyumba zonse ziwiri, ndipo Obama anaisaina pa 15 Epulo 2014. Lamulolo silinanene kuti woweruza analakwa. Linangosintha lamulo la chigawo cha Washington la 1984 lokhudza malo otetezedwa kuti chilindo cha pa Green Mountain chiziloledwa kukhalapo ndi kusamalidwa.

Chodabwitsa n'chakuti pa zaka zonse za mlanduwu ndi anthu ochepa kwambiri amene anakaona ndi maso nyumba imene ankakanganiranayo. Msewu wa m'mbali mwa Suiattle unakokoloka ndi madzi osefukira mu 2003 ndiponso mu 2006, moti wofuna kukwera phirili ankayamba wayenda kaye makilomita ambiri pansi kapena pa njinga asanafike poyambira njira. Msewuwo unatsegulidwanso mu Okutobala 2014, nthawi imene matabwa a mawindo amatsitsidwa ndipo sinowo yoyamba imakhala ili pafupi kugwa.