B*Witched: gulu logulitsa chonchi linatha bwanji m'zaka zisanu?

Pakati pa 1998 ndi 1999 gulu la B*Witched la ku Dublin linachita zomwe gulu lina linali lisanachitepo ku Britain: nyimbo zake zinayi zoyambirira zonse zinafikira pa nambala wani sabata yomwe zinatuluka. Oimbawo anali mapasa Edele ndi Keavy Lynch, Sinéad O'Carroll ndi Lindsay Armaou. Nyimbo yawo yoyamba, C'est la Vie, inafikanso pa nambala 9 ku America. Koma mu 2002 kampani ya Sony, yomwe inkatulutsa nyimbo zawo, inawasiya, gulu n'kuthera pomwepo.

Kusamvana kumakhalapo m'gulu lililonse, koma chimene chimapha magulu otere kawirikawiri ndi masamu a kampani. Makontrakiti ambiri a nthawi imeneyo sankalonjeza zimbale zonse. Kampani inkadzimanga pa chimbale chimodzi chokha, zotsatirazo n'kukhala zoti iyo yokha isankhe ngati ikuzifuna. Woimba sakanatha kuchoka, pomwe kampani inkatha kumutaya ikangoona kuti malonda atsika.

Ndalama zomwe oimba amalandira posayina si mphatso ayi. Zimakhala ngati ngongole yopanda chiwongoladzanja: kampani imazibweza kuchokera pa gawo la oimba la CD iliyonse yogulidwa. Pa gawo lomwelo imadulanso ndalama za situdiyo, mbali ya ndalama za mavidiyo, ndi zothandizira maulendo okaimba. Ngongoleyo isanathe, oimba salandira kanthu pa malonda. Zikayamba kubwera, manijala amatenga zake, zomwe ku Britain nthawi zambiri zimakhala 20 peresenti, zotsalazo n'kugawidwa panayi. Ndalama za wopeka nyimbo zimadzera njira ina, ndipo apa atsikanawa anachita bwino polembako nawo nyimbo zawo pamodzi ndi wojambula nyimbo wawo Ray Hedges, chifukwa wayilesi ikaimba nyimbo wopeka amalandirabe ngakhale gulu litatha.

Tsono onani mmene manambala anayendera. Chimbale choyamba chinatuluka mu Okutobala 1998 ndipo chinafika pa nambala 3 ku Britain. Chachiwiri, Awake and Breathe, chinatuluka patangopita chaka chimodzi, atsikanawo ali kalikiliki pakati pa Britain ndi America, ndipo chinafika pa nambala 5. Nyimbo zake zinatsika motsatizana: yoyamba pa nambala 4, yomwe anaimba ndi Ladysmith Black Mambazo a ku South Africa pa 13, yomaliza mu 2000 pa 16. Kwa woimba wodziyimbira ndi gitala yake, nambala 16 ndi chisangalalo. Kwa gulu lofuna vidiyo yodula, ovina, osoka zovala ndi matikiti a ndege pa nyimbo iliyonse, nambala imeneyo siyibweza zomwe kampani yalowetsa.

Palinso nkhani ya ogula. Ambiri mwa iwo anali ana a sukulu, ndipo mwana wa zaka 10 akafika 13 safunanso zomwe ankavina dzana. Kampani imaona kuti kuyambitsa gulu latsopano la ana otsatirawo n'kotchipa kusiyana ndi kusintha mavalidwe ndi kaimbidwe ka gulu lakale kuti likule limodzi ndi omvera ake. Apa mpamene Sony inalakwitsa: gulu lomwe linagulitsa chimbale choyamba makope oposa miliyoni ku America kokha linayenera kupatsidwa chimbale chachitatu.

Anayiwo anadzakumananso kudzera m'pulogalamu ya The Big Reunion yomwe inaonetsedwa pa wayilesi ya kanema ya ITV2 mu 2013, ndipo anayambiranso kuimba m'makonsati.