Za "ndalama za agogo a KAR", samalani

Uthengawu umabwerabwera m'magulu a WhatsApp, makamaka mu Novembala tikamakumbukira asilikali akale. Umati boma la Britain latulutsa chipukuta misozi cha zidzukulu za asilikali a King's African Rifles (KAR), gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, ndipo ofuna kulandira atumize chithunzi cha chiphaso ndi kandalama kolembetsera. Ili ndi bodza.

Zoona n'zakuti agogo athu anamenyadi nkhondo: ku Karonga mu 1914, pa nkhondo ya Chiwaya (nkhondo yoyamba ya dziko lonse), kenako mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri. Chipilala cha KAR ku Zomba ndi umboni. Akuba ofalitsa uthengawu amapezera mwayi pamenepa, podziwa kuti mabanja ambiri akadali ndi chidandaulo chakuti agogo sanalipidwe mokwanira.

Thandizo la bungwe la Royal Commonwealth Ex-Services League limapita kwa asilikali akale eniakewo ndi akazi awo amasiye ovutika, osati zidzukulu, ndipo salipiritsa kulembetsa.

Mukalandira uthengawu, funsani ku ofesi ya DC kapena ku Malawi Defence Force. Ofuna dzina la agogo amene anafera kunkhondo angafufuze mwaulere pa webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a anthu ofera kunkhondo, ngakhale Aafirika ambiri, makamaka amtengatenga, sanalembedwe mayina. Chonde musautumizenso kwa ena.