Dayamondi ndi chakuda cha m'pensulo, zonse ndi kaboni

Dayamondi wa pa mphete ndi chakuda chija cha m'kati mwa pensulo, chimene chimatchedwa girafaiti, zonse ndi kaboni. Mu 1797 Smithson Tennant anatentha dayamondi n'kupeza kuti akutulutsa mpweya wa carbon dioxide wochuluka mofanana ndi wa makala olemera chimodzimodzi. Kusiyana kwake kwagona pa mmene maatomu agwiranirana.

Mu dayamondi atomu iliyonse yagwirana ndi zinzake zinayi, mbali zonse. N'chifukwa chake ali pa 10, pamwamba penipeni pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala. Koma apa m'pamene ambiri amasokonezeka: kulimba kwake n'kokana kukandika, osati kokana kusweka. Mukam'menya ndi nyundo amang'aluka motsata mizere yake. Moto ukafika pa madigiri pafupifupi 800 Celsius pamalo pamene pali mpweya, amapsa. Ndipo ngakhale chimbale cha dayamondi chimadula konkire ndi matailosi bwinobwino, pa chitsulo chimatha msanga, chifukwa pakatentha kaboni wake amalowa m'chitsulomo. Akatswiri opera zitsulo zolimba amagwiritsa ntchito chinthu china cholimba kwambiri chotchedwa cubic boron nitride m'malo mwake.

Girafaiti ndi nkhani ina. Atomu iliyonse yagwira zitatu zokha, n'kupanga timapepala topyapyala ta mphako za makona asanu ndi limodzi ngati chisa cha njuchi. Timapepalato tangosanjikizana, motalikirana mananomita 0.335 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita), ndipo timatsetsereka mosavuta. Mukamalemba, n'timeneti timatsalira papepala. Njira yosakaniza girafaiti ndi dongo n'kuwotcha anaiyambitsa Nicolas-Jacques Conté mu 1795. Dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba motuwa, ndiyo ija imalembedwa chilembo H. Likachepa imafewa n'kumalemba mwakuda bii, ndiyo B.

Popeza atomu iliyonse ya girafaiti yagwira zitatu zokha m'malo mwa zinayi, imatsala ndi elekitironi imodzi, kanthu kakang'ono konyamula magetsi, imene imayenda momasuka, motero girafaiti amadutsitsa magetsi pamene dayamondi sadutsitsa. Ndiye chifukwa chake mumapeza girafaiti m'mabatire ndi m'maburashi a mota, tizidutswa topereka magetsi ku mbali yozungulira ya motayo. Ufa wake umathandizanso loko wouma, koma kuterera kwake kumadalira chinyezi cha mumpweya. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, maburashi a majenereta a ndege ankatha mofulumira ndege zikakwera kumene mpweya ndi wouma. Musam'pakenso pa aluminiyamu amene amanyowa, chifukwa amafulumizitsa kudyeka kwake.

Chodabwitsa n'chakuti pa kutentha ndi mphamvu ya mpweya zimene tazolowera, wokhazikika ndi girafaiti. Dayamondi amangochedwa kwambiri kusintha n'kukhala girafaiti moti palibe angaone. Amapangika makilomita 150 kapena kuposerapo pansi pa nthaka.

Mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov, ku yunivesite ya Manchester, anasenda girafaiti ndi tepi yomatira mobwerezabwereza mpaka kutsala kapepala kochindikala atomu imodzi yokha, kotchedwa graphene. Analandira mphoto ya Nobel mu 2010.