Pulogalamu ikakana kumangika: mafunso ndi mayankho pa lamulo la uthenga woyamba

Achinyamata athu a ku Mufakose, Highfield ndi Dzivarasekwa, mumzinda wa Harare, amene ayamba kuphunzira Linux amakonda kunditumizira chithunzi cha sikirini chojambulidwa ndi foni, ndipo pafupifupi nthawi zonse chimaonetsa mzere womaliza wokha, uja wothera ndi mawu akuti "Error 2". Funso limakhala lomwelo: achimwene, chavuta n'chiyani? Pofuna kuti tisamataye nthawi ndi bandulo, pagulu lathu lomwe limakumana Loweruka masana tinagwirizana lamulo limodzi, lakuti munthu asanapemphe thandizo pa pulogalamu imene yakana kumangika kuchokera ku source code (malemba a pulogalamu monga momwe eni ake anawalembera, asanasandutsidwe chinthu choyatsika), ayambe wapeza uthenga woyamba wa vuto, adziwenso gawo la ntchito pamene uthengawo waonekera. Otsatirawa ndi mafunso amene ndimafunsidwa kawirikawiri pa lamuloli.

N'chifukwa chiyani mzere womaliza simuufuna, pomwe ndi umene uli ndi mawu akuti Error?

Chifukwa mzerewo amalemba ndi make, ndipo make ndi kapitawo chabe, sayala njerwa. Pulogalamuyi, imene Stuart Feldman anailemba ku Bell Labs mu 1976, ntchito yake ndi kuona zoyenera kuchitika, kuitana compiler (chida chosandutsa code kukhala chilankhulo cha makina) ndi zida zina, kenako kunena ngati zatheka kapena ayi. Ikalemba "Error 2" ikungonena kuti wina mwa antchito ake walephera, koma chomwe chamulepheretsa chinalembedwa kale pamwamba. Mukamanga ndi make -j4, ntchito zinayi zimayenda nthawi imodzi, choncho imodzi ikagwa zinzake zimapitiriza kulemba mpaka zitamaliza, ndipo uthenga weniweni umakwiririka. Komanso m'chilankhulo cha C vuto limodzi limabala ena ambiri, moti dzina limodzi lomwe compiler sinalizindikire likhoza kutulutsa madandaulo makumi angapo amene onse amatha mukakonza loyambalo.

Njira yake ndi yosavuta. Lembani make 2>&1 | tee zonse.txt kuti zonse zimene makina alemba zisungike m'fayilo, kenako tsegulani fayiloyo ndi kufufuza malo oyamba pamene pali mawu akuti "error". Ngati mizere yasokonezana, bwerezani ndi make -j1, ndipo ngati simukuona zimene compiler yauzidwa kuchita, onjezerani V=1, kapena VERBOSE=1 pa mapulogalamu a CMake. Mizere yolembedwa "warning" ndi machenjezo chabe ndipo siimitsa ntchito, pokhapokha olemba pulogalamuyo ataika -Werror. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekhako kumatenga mphindi zosakwana zisanu.

Magawo amene mukunenawa ndi ati?

Alipo anayi. Loyamba ndi kufufuza makina, pamene ./configure, cmake kapena meson imaona ngati zofunika zonse zilipo. Lachiwiri ndi kusandutsa fayilo iliyonse ya code kukhala fayilo yothera ndi .o. Lachitatu ndi kulumikiza mafayilo amenewa pamodzi ndi malaibulale (code yokonzedwa kale imene mapulogalamu ambiri amabwereka), ntchito ya linker, imene mauthenga ake amatchula ld kapena collect2. Lachinayi ndi kuika pulogalamuyo pamalo pake ndi kuiyatsa. Gawo lililonse lili ndi matenda ake, choncho wodziwa gawo wachepetsa kale malo ofufuza.

Configure yaima ndi mawu akuti "C compiler cannot create executables". Kodi kompyuta yanga yaonongeka?

Ayi. Nthawi zambiri zida zomangira sizinaikidwe zonse. Pa Debian, Ubuntu ndi Linux Mint ikani phukusi la build-essential, limene limabweretsa gcc, g++, make ndi mafayilo a laibulale ya C. Zikapitirira kukanika, tsegulani config.log, koma musathamangire kumapeto kwake chifukwa kumeneko kuli mndandanda wautali wa zosafunika pa vutoli. Fufuzani mawu omwewo amene configure inalemba, ndipo mizere ya pamwamba pake idzakuonetsani chimene inayesa ndi chimene compiler inayankha.

Laibulale imene ikufunidwa ndili nayo kale, nanga ikunena bwanji kuti palibe?

Ili ndi funso limene ndimalilandira kuposa ena onse, ndipo wofunsayo samakhala akunama. Mukaona "fatal error: zlib.h: No such file or directory", n'zoona kuti zlib ili m'kompyuta yanu, popeza mapulogalamu ambiri amaidalira. Chimene chikusowa ndi mbali yake ina. Okonza Debian ndi Fedora amagawa laibulale pawiri: phukusi loyamba lili ndi zofunika kuti mapulogalamu omangidwa kale ayende, ndipo lachiwiri lili ndi mafayilo othera ndi .h, amene amauza compiler maina a zonse zimene laibulaleyo imachita ndi mmene zimaitanidwira. Phukusi lachiwirili silibwera lokha. Pa Debian ndi Ubuntu dzina lake limathera ndi -dev, pomwe pa Fedora limathera ndi -devel, motero zlib.h ili mu zlib1g-dev ndipo openssl/ssl.h ili mu libssl-dev.

Simuyenera kuloweza maina amenewa. Ikani apt-file, lembani apt-file search zlib.h, ndipo idzakuuzani phukusi lomwe lili ndi fayiloyo. Ngati pulogalamu imene mukumanga ilipo kale m'nkhokwe ya Debian, kumene mumatsitsa maphukusi, koma inu mukufuna yatsopano, apt build-dep imaika zofunika zake zonse nthawi imodzi, bola mutatsegula deb-src pamndandanda wa nkhokwe zanu, ndipo pa Fedora ntchito yomweyo imachitika ndi dnf builddep. Ine ndimaona kuti imeneyi ndiyo njira yabwino kwa munthu wa bandulo yowerengeka, chifukwa amaona kukula kwa zonse asanayambe kutsitsa, m'malo mozindikira chosowa chimodzichimodzi mpaka data itatha.

Pali msampha wina pamenepa. Malaibulale ambiri amapezedwa kudzera mwa pkg-config, imene imawerenga mafayilo othera ndi .pc, choncho ngati laibulale munaimanga nokha n'kuiika pamalo achilendo, muyenera kutchula malowo mu PKG_CONFIG_PATH. Ndipo mukaika chosowacho, yambiraninso gawo loyamba. CMake imasunga zimene inapeza m'fayilo ya CMakeCache.txt, moti nthawi zina imakakamira yankho lakale, ndipo mankhwala ake ndi kufufuta foda yonse yomangiramo n'kuyambanso.

Pulogalamu yomweyi inamangika bwino zaka zapitazo, koma pa kompyuta yatsopano ikukana. Chasintha n'chiyani?

Chasintha ndi compiler kapena malaibulale, code ndi yomweyo. GCC, imene inatuluka koyamba mu 1987, yakhala ikukhwimitsa malamulo ake. Kuyambira pa GCC 10 ya mu 2020, dzina limodzi lolengezedwa mosasamala m'mafayilo angapo limabweretsa uthenga wakuti "multiple definition of", ndipo code yakale yotere imadutsa mukaika -fcommon mu CFLAGS, mmene mumalemba malangizo opita kwa compiler. GCC 14 ya mu 2024 inasandutsa "implicit declaration of function" kukhala cholakwa choimitsa ntchito, pomwe kale linali chenjezo chabe. GCC 15 ya mu 2025 inayamba kutsatira C23, malamulo atsopano a chilankhulo cha C, ngati simunaiuze zina, ndipo mu C23 mawu monga bool, true ndi false ndi a chilankhulocho, kotero pulogalamu yakale imene inadzipangira bool wake imagwa, kufikira mutaika -std=gnu17.

Kunja kwa compiler nkhani ndi yomweyo. OpenSSL 3.0 inatuluka mu 2021 ndipo ndi imene ili mu Ubuntu 22.04, choncho code yolembedwera OpenSSL yakale kwambiri imavuta. Python 3.12 inachotsa distutils, chida chakale chomangira mapulogalamu a Python. CMake 4.0 inasiya kulandira mapulogalamu amene amanena kuti analembedwera CMake yakale kuposa 3.5, ngakhale kuti mukhoza kuipempha iyesebe poika -DCMAKE_POLICY_VERSION_MINIMUM=3.5. Komabe langizo langa ndi lakuti musanayambe kupanikiza compiler, onani kaye ngati eni pulogalamuyo anatulutsa yatsopano, chifukwa zonsezi ndi zigamba, ndipo zina mwa zolakwa zimene compiler yatsopano ikukana n'zenizeni zomwe zingadzagwetse pulogalamuyo ikamagwira ntchito.

Magetsi anazima ntchito ili mkati. Kodi ndipitirize pomwe inalekera?

Ngati laputopu ili ndi batire yamoyo ndipo munaimitsa ntchito nokha ndi Ctrl+C, pitirizani, chifukwa make imafufuta fayilo imene inali isanathe. Koma ngati kompyuta inangothima, chenjerani. Mtsikana wina wa ku Kambuzuma anabwera ndi desktop imene inathima akumanga pulogalamu yaikulu usiku, ndipo magetsi atabwera linker inayamba kudandaula kuti "undefined reference" pa zinthu zimene zinali m'code yomweyo. Tinakhala naye pa tebulo mpaka tiyi kuzizira, tikufufuza malaibulale amene analibe mlandu, kenako tinalemba find . -name "*.o" -size 0 ndipo panatuluka mafayilo atatu opanda kanthu mkati. Make imayang'ana nthawi imene fayilo inalembedwa, osati zimene zili mkati mwake, choncho inaona kuti mafayilowo ndi atsopano kuposa code n'kuwatenga ngati omalizidwa. Titawafufuta, ntchito inatha pa mphindi zochepa. Ngati mukukayika, make clean imayeretsa zonse, ndipo kwa ife amene timayambiranso kawirikawiri, ccache ndi yothandiza kwambiri popeza imasunga zomangidwa kale n'kuzibweza msanga.

Pa makompyuta akale onaninso wotchi. Kabatire kakang'ono ka pa motherboard kakatha, tsiku limabwerera m'mbuyo kompyuta ikazima, ndipo make imalemba "Clock skew detected". Sinthani kabatireko, ndipo onani ndi timedatectl kuti tsiku ndi lolondola komanso kuti dera ndi Africa/Harare.

Uthenga wake ndi wakuti "Killed signal terminated program cc1plus", koma sindikuona cholakwa m'code.

Cholakwa palibedi. RAM inatha, ndipo Linux inapha ntchito imene inkadya yambiri kuti kompyuta isaume, zomwe mungatsimikize mukalemba sudo dmesg n'kuona mawu akuti "Out of memory". Mapulogalamu a C++ ndiwo amachita zimenezi kwambiri pa laputopu ya 4 GB. Tsekani browser, mangani ndi make -j1, ndipo ngati sizikukwanabe onjezerani swap, malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza. Ntchito idzachedwa koma idzafika.

Code ndinaitenga pa flashi kwa mnzanga, ndipo ./configure ikuti "Permission denied" kapena "bad interpreter".

Kugawana pa flashi n'kwanzeru kuno, koma mugawane fayilo yomangidwa mtolo, ija yothera ndi .tar.gz kapena .tar.xz, isanamasulidwe. Maflashi ambiri ndi a FAT32 kapena exFAT, amene sasunga chilolezo choyatsira fayilo ndiponso sadziwa ma symlink (mafayilo ongoloza ku mafayilo ena), choncho code yomasulidwira pamenepo imafika yolumala. Ikopereni m'foda yanu ya pa Linux ndi kuimasulira momwemo. Mukaona ^M kumapeto kwa uthenga wa "bad interpreter", ndiye kuti fayiloyo inadutsa pa Windows n'kusinthidwa mathero a mizere, ndipo dos2unix imakonza zimenezo. Ngati intaneti inaduka mukutsitsa, wget -c imapitiriza pomwe inalekera, ndipo sha256sum imakuthandizani kuyerekeza fayilo yanu ndi nambala imene eni ake anasindikiza.

Ndatenga code ndi git koma mulibe fayilo ya configure.

Fayiloyi imachita kupangidwa, ndipo ambiri saisunga mu git, chida chosungira code ndi mbiri ya kusintha kwake. Yatsani ./autogen.sh ngati ilipo, kapena autoreconf -fi mutaika autoconf, automake ndi libtool. Mukapeza mafoda ena ali opanda kanthu, lembani git submodule update --init --recursive.

Zonse zamangika, koma poyatsa ikuti "error while loading shared libraries".

Apa muli pa gawo lachinayi. Mukapanda kutchula malo ena, make install imaika malaibulale mu /usr/local/lib, ndipo Linux siwaona mpaka mutalemba sudo ldconfig. Ngati fodayo siili pamndandanda wa malo ofufuzidwa, ilembeni m'fayilo yatsopano yothera ndi .conf mu /etc/ld.so.conf.d, kenako bwerezani ldconfig.

Bwanji osangoika sudo patsogolo pa chilichonse kuti zisavute?

Chifukwa sudo, imene imakupatsani mphamvu za root (woyang'anira wamkulu wa kompyuta), simabweretsa fayilo yosowa, ndipo imasiya vuto lina m'mbuyo. Mukamanga ndi sudo make, mafayilo onse otuluka amakhala a root, moti mawa lake make wamba imakana kuwalembanso. Gawo lokhalo lofuna sudo ndi make install, ndipo nalonso mukhoza kulipewa mukauza configure kuti --prefix=$HOME/.local, kuti zonse zikhale m'foda yanu. Ndimaumirira zimenezi makamaka kwa amene akugwiritsa ntchito kompyuta ya kuntchito kapena ya pabanja, chifukwa laibulale yoikidwa pamwamba pa imene inabwera ndi Linux ikhoza kusokoneza mapulogalamu a anthu ena.

Ndayesa zonsezi ndipo zikukanikabe. Ndibweretse chiyani popempha thandizo?

Bweretsani dzina ndi nambala ya pulogalamu imene mukumanga komanso kumene munaitenga, zimene zili mu /etc/os-release, yankho la gcc --version, zonse zimene munalemba motsatana kwake, ndi fayilo ija ya zonse.txt, kuphatikizapo config.log ngati vuto lili pa gawo loyamba. Tumizani mafayilo enieni osati chithunzi, kuti wothandizayo athe kufufuzamo mawu. Nenaninso ngati munawerenga README ndi INSTALL, chifukwa zofunika zambiri zimalembedwa mmenemo. Ngati zaoneka kuti cholakwa chili m'code yeniyeniyo, zinthu zomwezi ndi zimene eni pulogalamuyo adzafune mukakawalembera, ndipo musanalembe fufuzani kaye uthenga woyambawo pamndandanda wawo wa mavuto, mutachotsamo dzina la foda yanu, kuti muone ngati wina anaunena kale.