Chimene chimaletsa ma gene a ubongo kugwira ntchito m'chiwindi

Selo la muubongo ndi selo la m'chiwindi ali ndi DNA imodzimodzi, yomwe imasunga malangizo a chibadwa. Komabe la muubongo limatumiza mauthenga, la m'chiwindi limapanga ndulu. Amasiyana pa ma gene (zigawo za DNA zosunga malangizo opangira mapuloteni) amene ayatsidwa ndi amene azimitsidwa, ndipo zimenezi zimalamulidwa ndi tizigawo ta DNA tomwe sitipanga puloteni ayi. DNA yopanga mapuloteni siifika ndi 2 peresenti yomwe. Tizigawo tolamulati tili m'kati mwa yotsalayo.

Tinazidziwa bwanji? Mbewa ndizo zinatithandiza. Mu 1980, Jon Gordon ndi Frank Ruddle a ku yunivesite ya Yale ku America anaonetsa kuti DNA yachilendo itha kubayidwa m'dzira la mbewa ndi kasingano kagalasi. Dziralo amaliika m'mimba mwa mbewa ina, ndipo ena mwa ana obadwawo amakhala nayo DNA ija.

Wofufuza amadula kachigawo kamene akukaganizira, n'kukalumikiza ku lacZ, gene ya bakiteriya wa E. coli, kenako n'kuzibaya m'dzira la mbewa. Akaviika kamwana ka mbewa m'mankhwala a X-gal, paliponse pomwe lacZ yayaka pamasanduka buluu. Umachita kuona ndi maso: kamutu ndi kamzere ka msana zili buluu, chiwindi chili mbee. Mu 1990 kachigawo ka gene ya khoswe yotchedwa NSE kanayatsa lacZ m'maselo a mitsempha mwa njira imeneyi.

Chimene chimandigwira mtima ndi ichi. Ambiri tingaganize kuti ubongo uli ndi chinachake choyatsa chomwe ziwalo zina zilibe. Zoyatsa zilipodi, koma ma gene ambiri a mitsempha amasungidwanso pokanizidwa kwina konse. Ali ndi kachigawo ka zilembo za DNA pafupifupi 21 kotchedwa NRSE. Mu 1995 magulu a Gail Mandel ndi David Anderson anapeza puloteni yomwe imamatirira pamenepo, REST. Ili ngati loko wa pachitseko: m'chiwindi ndi pakhungu REST ndi yambiri, gene ndi yotseka, selo likamakhwima kukhala la mitsempha REST imachepa, gene imatseguka. Mu 1997 ofufuza atachotsa NRSE pa gene ya mitsempha yotchedwa L1 yomwe anailumikiza ku lacZ, buluu uja anatulukira m'ziwalo zomwe si mitsempha. Mbewa zopanda REST zimafera m'mimba.

Chenjezo lilipo: DNA yobayidwa imagwera pena paliponse, ndipo malo ogwerawo atha kusokoneza zotsatira. N'chifukwa chake wofufuza wosamala amayerekeza mabanja angapo a mbewa asananene kanthu.

Ife a ku Mangochi nkhaniyi isatitalikire. Mwa nsomba zokongola za m'nyanja yathu, zina zili ndi mizere yoyambira kumutu kukafika kumchira, zina zilibe. Mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya Konstanz ku Germany anapeza kuti gene ya agrp2 ikayaka kwambiri mizereyo siioneka, ikayaka pang'ono imaoneka. Gene ili m'nsomba zonsezo. Zasiyana kayatsidwe kake.