Tizilombo tosaoneka ndi maso nato tikufunika chitetezo

Tikamva mawu akuti "tizilombo", ambiri timangoganiza za matenda. Koma ife ofufuza timoyo ting'onoting'onoti timadziwa kuti todwalitsa munthu n'tochepa kwambiri poyerekeza ndi timene timachirikiza moyo. Pafupifupi theka la okosijeni amene amapangidwa padziko lapansi limachokera ku timoyo toyandama m'nyanja zamchere. Mabakiteriya a Rhizobium, okhala m'tizotupa ta pamizu ya nyemba, amakoka naitirojeni mumpweya n'kudyetsa mbewu, nthaka n'kutsala ndi chonde.

Chodandaulitsa n'chakuti ntchito yosamalira zachilengedwe yakhala ikulambalala timoyoti. Bungwe la IUCN, loona za kusamalira zachilengedwe padziko lonse, linayamba kulemba mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo mu 1964. Njovu, zipembere ndi mitengo zilimo, koma mabakiteriya mulibe. Mu 2025 ndi pamene bungweli linakhazikitsa gulu la akatswiri loona za timoyoti. Lachedwa, komabe ndasangalala kuti layamba.

Vuto lake n'lomveka. Njovu mungaziwerenge muli m'ndege, koma mu supuni imodzi ya dothi lachonde mumakhala mabakiteriya mamiliyoni ambirimbiri, ndipo mitundu yochuluka imakana kumera mu labotale, moti ilibe n'komwe dzina. Ndiye mudzadziwa bwanji kuti mtundu wina watha? N'chifukwa chake ine ndimaona kuti njira yodalirika n'kuteteza malo amene timoyoti timakhalamo, osadikira kuti tiwerengedwe kaye.

Taganizirani akasupe otentha a ku Yellowstone, ku America. M'zaka za m'ma 1960, Thomas Brock anapezamo bakiteriya wotchedwa Thermus aquaticus, wopirira madzi otentha kwambiri. Panthawiyo palibe ankadziwa phindu lake. Patapita zaka, enzaimu (chinthu chofulumizitsa ntchito za m'thupi la chamoyo) yochokera mwa iye inathandiza kwambiri njira yoyezera zinthu mu labotale yotchedwa PCR, ija ankayezera COVID-19. Akasupewo anapulumuka chifukwa anali m'malo otetezedwa kuyambira 1872, ngakhale owatetezawo sankaganiza za bakiteriya.

Mu 2022, ku Montreal, m'dziko la Canada, mayiko anagwirizana zoteteza magawo 30 pa 100 alionse a mtunda ndi nyanja pofika 2030. Posankha malowo, asamangoyang'ana komwe kuli nyama zikuluzikulu. Madambo, akasupe otentha, mapanga ndi nthaka yomwe sinalimidwepo ziyenera kulowa nawo, ndipo oyang'anira malo otetezedwa aziyeza DNA ya m'dothi ndi m'madzi, imene imasonyeza timoyo tomwe tilimo, kawirikawiri monga mmene amawerengera nyama.