Phula Sachiza Boti Lolowa Madzi

Boti la aluminiyamu likayamba kulowa madzi, ambiri amathamangira phula kapena silikoni poganiza kuti pabooka. Kawirikawiri sipakhala pobooka ayi. Mafunde ndi kunjenjemera kwa injini ndizo zimakhwefula mariveti (timisomali tolumikiza malata a boti), ndipo chomata pamwamba sichichedwa kumatuka chifukwa boti limapindika likamayenda.

Likokereni kumtunda, muthiremo madzi pang'ono, muchonge paliponse pomwe pakudontha. Ntchito yolimbitsa mariveti odonthawo ndi ya anthu awiri: wina atsamize chitsulo cholemera pamutu pa riveti, mnzake azigogoda mbali inayo ndi hamala. Pang'onopang'onotu, chifukwa kumenya mwaukali kumang'amba boti.

Riveti yotheratu ichotseni poiboola, muikepo ina ya aluminiyamu. Yamkuwa imaoneka yolimba, koma ikanyowa imadya aluminiyamu woizungulira.